Maso Amene Alamu Anga Anatengera

Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, anthu a mumsewu wathu amangowatchula kuti Mayi Chipeso. Dzinali linabwera chifukwa chipeso chawo chamchira sichichoka m'tsitsi, pamwamba pa khutu lamanja, ngakhale akupita ku ukwati. Ali ndi saluni m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo. Muli mipando iwiri yozungulira, beseni lotsukirapo mitu lomwe paipi yake imadontha, ndi chowumitsira tsitsi chimodzi chimene chimalira ngati ndege. Masiku amene ndikunenawa munalinso magalasi awiri aakulu oyang'anizana, lina kutsogolo lina kumbuyo, kuti kasitomala aziona nkhongo yake osapempha. Ukakhala pampando unkadziona kambirimbiri, mitu yako itandandalika mzere, ikucheperachepera mpaka kukazimirira mumdima wobiriwira.

Ine ndinayamba ndi ukasitomala, ulamu unabwera pambuyo. Tsiku lina akundiluka anandifunsa ngati ndili pabanja, ndipo ndisanayankhe n'komwe anati ali ndi mlongo wawo wamanyazi amene amakonza mafiriji.

"Ndi wozizira ngati ntchito yakeyo," anatero, "koma chimene wasunga sichiwola."

Umu ndi mmene alili alamu. Pakamwa sipatseka, manja saima, ndipo mutu wa munthu akaugwira kamodzi amaukumbukira kuposa dzina.

Amayi awo anamwalira alamu akadali ku pulaimale, patangopita masiku ochepa amuna anga atabadwa. Chithunzi chawo chimodzi chokha chimene chinalipo chinasowa posamuka, choncho amuna anga anakula osadziwa nkhope ya amene anawabereka. Alamu sankakonda kukamba za iwo. Anandiuzapo kamodzi kokha, akundimasula meshi kulibe anthu. Anati anali mayi wowonda, wosakhazikika pansi, wotuluka thukuta ngakhale nyengo yozizira. Akagona masana pasofa, zikope zawo sizinkakumana. Pankatsala kampata koyera.

"Ndinkanyang'ama kuti ndikabe shuga," anatero alamu. "Ndikacheuka ndipeza akundiyang'ana, komatu akuliza mkonono. Ndisunthire uku, akundiyang'anabe. Shugayo ndinkabweza."

Atabereka mwana womalizayo anatentha thupi, mtima ukugunda mpaka nsalu ya pachifuwa kumanjenjemera, akulankhula ndi anthu amene munalibe m'chipindamo. Kenako anapita. Akuluakulu anangoti ndi za uchembere, nkhani inathera pomwepo.

Ana awiriwo analeredwa ndi mayi awo aang'ono, mng'ono wawo wa malemuwo. Alamu ankalumbira kuti kale mayi aang'onowa anali munthu wachangu, wogwira ntchito mu bekale, wokanda ufa thumba lonse asanapume. Ine sindinawapeze choncho. Pamene ndinkalowa m'banjamo anali atasanduka ngati katundu wa m'nyumba. Ankakhala pampando m'kanjira kochokera ku saluni kupita kukhitchini, kuseri kwa katani, atavala juzi ziwiri ndi bulangete pamiyendo dzuwa likuswa mtengo. Nkhope inali yotupa, nsidze zothothoka m'mbali, mawu okhuthala ngati a mwamuna. Ukawapatsa moni, yankho linkabwera iwe utafika kale kukhitchini. Sanabereke, ndipo amuna awo anawasiya kalekale, ati anatopa ndi ulesi.

"Anazima pang'onopang'ono ngati tochi," ankatero alamu. "Sindingakuuze tsiku lake."

Makasitomala anawaiwala kuti alipo. Chimene chinkaoneka pansi pa katani ndi mapazi awiri otupa m'masilipasi, osasuntha. Ana anga ankaopa kudutsa pamenepo, ankazungulira kuseri kwa nyumba.

Alamu atadutsa zaka makumi anayi, manja awo anayamba kunjenjemera. Poyamba anaziseka. Ankati ndi tiyi, ankati ndi ukalamba wafika msanga. Koma mizere ya m'mutu inayamba kukhota, ndipo munthu amene ankadula mzere ndi mchira wa chipeso kamodzi kokha tsopano ankabwereza katatu. Anagula fani yachiwiri. Makasitomala ankadandaula kuti mphepo yachuluka, iwo thukuta likutsikira m'zigongono. Ankadya ngati anthu awiri, koma masiketi ankangowavuka mpaka anayamba kuwamanga ndi pini. Anayambanso kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Tsiku lina anakalipira kasitomala wawo wakale chifukwa chosuntha mutu, mayiyo anatuluka tsitsi lili theka.

Anthu a mumsewu sanachedwe kunong'onezana za matenda aja. Alamu anapita kukayezetsa, anabwerako n'kulengeza mu saluni modzaza anthu kuti alibe. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, koma ena anayamba kukalukitsa kwina.

Masana ena ndinawapeza ali okha, galasi lakumbuyo litaphimbidwa ndi nsalu ya pabedi.

"Alamu, lasweka?"

"Ayi."

Anapitiriza kusesa tsitsi pansi, malo omwe anali atasesa kale. Kenako anakhala pampando wa kasitomala, chammbali, osayang'ana galasi lotsalalo.

"Ndikuuze, koma usauze mlongo wangayo. Amayi abwera."

Ndinaseka pang'ono, ndikuyesa ndi nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke.

Anati zinayamba milungu ingapo m'mbuyomo. Ankapukuta galasi lakutsogolo, n'kukweza maso. Mumzere wa mitu yawo ija, kutali kwenikweni kumene nkhope zimachepa ngati chala, mutu umodzi sunali wawo. Anayesa ndi fumbi, anapukutanso. Tsiku lotsatira unaliponso. Ndipo mlungu uliwonse unkasendera. Unkasiya malo akumbuyo n'kutenga malo apafupi, nkhope ikukula, khosi lowonda lija, maso aja.

"Dzulo anali kumbuyo kwanga kwenikweni," anatero. "Akangosendera kamodzi ndiye kuti alowa mwa ine."

Panja galimoto zinkadutsa, munthu wina ankaitanira malonda, paipi ya beseni inkadontha. Ndinawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba m'miyezi yambiri, poti munthu womuona tsiku ndi tsiku sumuyang'ana. Maso awo anali atatuluka. Pamwamba pa chakuda pankaoneka choyera, ngati munthu amene wadzidzimuka n'kukhala chidzidzimukire. Nthawi yonse imene ankalankhula sindinawaone akuphethira.

Kuseri kwa katani mpando unalira. Mawu okhuthala aja anatuluka pang'onopang'ono, opanda wowafunsa.

"Akulu anga... tsekani fani. Kukuzizira."

Mayi aang'ono chikhalire ankawatchula alamu kuti mwanawe. Kuyambira nthawi imeneyo sanawatchulenso choncho.

Sipanapite nthawi, kunabwera mayi wina wachikulire amene sitinkamudziwa. Anabwera m'tauni kudzaona mwana wake, ndipo anangolowa kuti amutsuke m'mutu. Ine ndinali pampando, alamu ali kumbuyo kwanga. Mayiyo anachokera padzuwa, anaima pakhomo kudikira kuti maso azolowere mdima. Alamu anacheuka kuti amulonjere. Mayiyo anagwira felemu ya chitseko, chikwama chinagwa pansi.

"Inu," anatero chapansipansi, "kodi si tinakuikani inu?"

Tinamukhazika pansi, tinamupatsa madzi. Atapeza mpweya anafotokoza kuti kale ankakhala khomo loyandikana ndi malemu, ndipo analipo tsiku la maliro. Anapepesa kangapo, akuti ukalamba, akuti maso. Koma sanalole kuti alamu amugwire m'mutu. Anatola chikwama chake n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Nkhani imeneyi sindinathe kuwabisira amuna anga. Mawa lake anasiya ntchito masana n'kupita ku saluni atavala ovolosi yawo. Anakhala pabenchi ya odikira, zipangizo zili pamiyendo, n'kumangoyang'ana mlongo wawo.

"Ndiye ankaoneka chonchi?" anafunsa.

"Iwe, usandiyang'ane choncho," anatero alamu. "Ine sindinafe."

Koma mumtima mwawo anali atavomera kale kuti amayi awo abwera kudzawatenga. Anayamba kundionetsa zinthu zimene sindinafunse: potsekera madzi, kiyi wa mita ya magetsi, mmene mayi aang'ono amafunira madzi awo osamba. Anapatsa ana anga timaliboni tonse ta mu saluni. Ndikawauza za chipatala ankati anapitako kale ndipo anawapeza alibe kanthu.

Anagwa Loweruka lina m'mawa akuluka mkwatibwi. Anangoti, "Dikira kaye, mwana wanga," n'kukhala pansi pasimenti, dzanja pachifuwa. Nditafika ndinaona bulauzi ikudumpha ndi kugunda kwa mtima. Mwamuna wa kasitomala wina anatitengera kuchipatala chachikulu pagalimoto yake. Njira yonse alamu anagwira dzanja langa, chikhatho chawo chotentha ndi chonyowa, akuyang'ana pampando wakutsogolo pomwe panalibe munthu.

Anawagoneka, anawapatsa mankhwala otsitsa mtima, anawatenga magazi. Dokotala amene anationa anali mayi wachitsikana, wolankhula mofatsa. Anawayang'ana m'maso nthawi yaitali, anawauza atambasule manja, kenako anazungulira n'kuima kumbuyo kwawo, zala zake zikufufuza pakhosi.

"Mukufuna kundiluka?" anafunsa alamu, mawu ali pansi.

Zotsatira za magazi zitabwera, dokotalayo anakoka mpando n'kukhala nafe. Anati vuto ndi chithokomiro, kachiwalo kapakhosi kamene kamauza thupi liwiro loyendera. Cha alamu chinali chikuthamanga ngati galimoto yoduka mabuleki, n'chifukwa chake kutentha, kuwonda, kunjenjemera ndi mtima. Anati chochititsa ndi chitetezo cha m'thupi mwawo momwe. Asilikali amene amayenera kumenya matenda anasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi chithokomiro, ndiponso ndi minofu ya kuseri kwa maso, imene inatupa n'kukankhira masowo kunja.

Alamu anamufotokozera za amayi awo, za zikope zosakumana ndi imfa ya pambuyo pobereka. Dokotala anamvetsera osawadula.

"Sindingalumbire za munthu amene sindinamuone," anatero, "koma zikufanana kwambiri. Zimenezi zimayenda m'majini."

Alamu anadzuka pabedi n'kukhala tsonga. "Majini! Ndinanena ine. Alamu, wamva? Ndi a dokotala akunenatu."

Dokotala anaseka mpaka anavula magalasi. Anati sakunena majini ogwira anthu aja, koma timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo, tomwe timapanga kuti mphuno ikhale ya bambo, msinkhu wa agogo. Anati munthu satengera matendawo enieni, amatengera kupendekera kwake. Si kanthu kamodzi, ndi tizosiyana tambirimbiri tating'ono, ndipo ana a mimba imodzi sagawana mofanana. Wina amakalamba osamva kanthu. Wina zimamudzukira akabereka, kapena akadutsa m'mavuto, kapena popanda chifukwa chooneka, ndipo akazi ndi amene zimawapeza kawirikawiri.

"Ndipo sizibwera ndi nkhope imodzi," anapitiriza. "Kwa ena asilikaliwa amachikwapula chithokomiro, chimathamanga, ngati inuyo. Kwa ena amachidya pang'onopang'ono mpaka chimaleka kugwira ntchito. Kwanu kulibe wina amene amangomva kuzizira? Wogonagona, wotupa nkhope, wochedwa kuyankha?"

Ine ndi alamu tinayang'anana. M'maganizo ndinaona mapazi aja pansi pa katani.

Mayi aang'ono tinachita kuwanyamula kuti alowe m'galimoto. Anali asanatuluke pageti zaka zambiri, ndipo ankayang'ana nyumba zosanja za m'njira ngati akuonera kanema. Magazi awo anasonyeza zimene dokotala anaganiza. Anawapatsa timapiritsi toyera tochepetsetsa, kamodzi m'mawa uliwonse asanadye, ndipo anati ayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono kuopa kudzidzimutsa mtima wa munthu wamkulu. Ine ndinayang'ana kapiritsiko pachikhatho, sindinakhulupirire kuti kangasunthe munthu amene uja.

Alamu anachira poyamba. Manja anakhazikika, thupi linabwerera, fani yachiwiri anaipereka kwa ife. Maso okha sanabwerere onse. Amathira mankhwala a m'maso, ndipo akamatuluka padzuwa amavala magalasi akuda. Galasi lakumbuyo analichotsa n'kugula kakang'ono kam'manja. Nditawafunsa ngati amayi awo akuwaonabe anati, "Tsiku lililonse. Koma tsopano amapukuta nane galasi."

Za mayi aang'ono zinatenga miyezi. Choyamba kuchoka chinali bulangete. Kenako juzi imodzi. Tsiku lina alamu anapeza mbale zonse zitatsukidwa, osadziwa watsuka ndani. Nkhope inaphwa, ndipo pansi pa kutupa kuja panatuluka munthu wina, wa masaya akuthwa ndi kachibwano kakang'ono, amene ine ndinali ndisanamuonepo. Ana anga anafunsa ngati agogo aja anapita kwawo n'kubwera ena.

Tsiku limene sindidzaiwala saluni inali yodzaza. Mayi wina wogulitsa nsalu, kasitomala wakale, ankafotokoza mokweza mmene amuna ake anamupezera ali mtsikana wosadziwa kanthu, ati iwo ndiwo mwamuna wake woyamba ndi womaliza. Tonse tinkamvetsera. Ndiye kuseri kwa katani kunachokera mawu a mkazi, opyapyala, omveka bwino, amene palibe ankawadziwa.

"Nanga wa basi uja?"

Chowumitsira tsitsi chokha n'chimene chinkalira, alamu anachizimitsa. Katani inasuntha, mayi aang'ono anatulukira ataima okha, atagwira khoma.

"Wa basi uja munkamulira pampando womwewo, chaka chimene denga linkadontha," anatero. Anayang'ana mayi wachiwiri. "Inunso mwana wanu uja anapezeka? Munkati musauze apongozi." Anayang'ana wachitatu, amene anaweramitsa mutu iwo asananene kanthu.

"Amayi," anatero alamu, "kodi munkamva?"

"Zonse. Mawu ankandifika bwinobwino. Kungoti ndikati ndiyankhe, yankho linkachokera kutali, likamafika pakamwa inu mwayamba kale nkhani ina. Ndiye ndinkangosunga."

Tonse tinayamba kuwerenga mumtima zimene tinalankhulapo m'chipinda chimenecho, pafupi ndi mapazi aja. Makasitomala ena sanabwerenso. Ena anayamba kubwera ndi timphatso, sopo, mpango, n'kumapatsa moni kuseri kwa katani asanakhale pansi. Mayi aang'ono ankalandira zonse osafunsa chifukwa chake. Mpando wawo anausamutsira pakhonde, pomwe tsopano amakangana ndi ogulitsa masamba.

Amuna anga anayezetsa, alibe kanthu. Za ana athu aakazi dokotala anati tisakhale ndi mantha, mwina sizidzawapeza n'komwe, ndipo zikadzabwera zili ndi mankhwala. Ndinamva, ndinavomera. Komabe wamkuluyo akagona masana ndimapezeka ndaima pakhomo la chipinda, ndikuyang'ana zikope zake.

Miyendo itawalimba, mayi aang'ono anapempha kuti tiwaperekeze kumanda a akulu awo. Tinapita m'mawa, ine, alamu ndi amuna anga. Mandawo anali atakula kwambiri moti tinasochera, koma iwo anatitsogolera mpaka pamwala wopendekeka umene zilembo zake zinali zitafufutika. Anaima nthawi yaitali. Ife tinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti tiwapatse mpata, tikuyembekeza kuti alira.

Sanalire. Anawerama, anagogoda pamwalapo ndi chala ngati akugogoda pachitseko, n'kulankhula mokweza ngati wolankhula ndi munthu wogontha.

"Akulu anga! Chinali chithokomiro. Pakhosi apa. Pali mapiritsi."

Anadikira, mutu utapendekeka, khutu lili kumwala. Anadikira mpaka amuna anga anayamba kusuntha mapazi. Kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wayankhidwa, anadzuka n'kusasa fumbi pasiketi.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba, amuna anga akuyendetsa. Titafika pakati pa tauni, mayi aang'ono anagwira phewa la amuna anga.

"Ima apa, mwanawe. Ndikufuna nsapato. Zakalezi zikundivuka."

Anasankha zofiira, zokhala ndi kachidendene. Alamu anati sizoyenera munthu wamkulu, ndipo anakangana mpaka kukafika kunyumba.